Msoko wa Pansi pa Mchombo

Ndine telala wa pamsika wa Kapata.
Zaka khumi ndi zinayi ndikupalasa makina,
msoko wokhota ndimauona munthu akali kutali.
Koma uwu wa pansi pa mchombo wanga
choko chake sindinalembe ndine.

Ndinachoka ku Mchini Lachiwiri usiku,
nsupa itasweka kale, chitenje chili nyowe.
Anamwino anaika khutu pamimba, anakhala chete,
anaitana anzawo, nawonso anamvetsera.
Mwana wagona chopingasa, anatero,
ndipo kamtima kake kayamba kutopa.

Anandipatsa pepala.
Dzanja lodula nsalu za eni osanjenjemera
linalemba dzina langa ngati la mwana wa giredi yoyamba.

Kutacha ndinawerenga mabedi.
Zelipa wa ku Chadiza, zaka khumi ndi zisanu,
chiuno chisanakhwime, anavutika masiku awiri.
Amake Dalitso, miyendo yotupa ngati mitondo,
magazi anathamanga mpaka anakomoka.
Wa pazenera uja nsengwa inatseka khomo.
Wina anali wachitatu kung'ambidwa malo omwewo,
ankatiphunzitsa kutsokomola titagwira pilo.
Tonse tinkayenda chowerama
ngati tikusaka singano pansi.

Apongozi anabwera ndi chibwantu m'botolo.
Ana a lero, anatero akuyang'ana kukhoma,
mumathamangira mpeni, simudziwa kupirira.
Sindinayankhe.
Ndinakumbukira azakhali anga a Tikambenji
amene anapirira m'ngolo ya ng'ombe, njira ya ku Mwami,
mpaka ngolo inatembenuka isanafike.

Sindinena kuti mpeni uliwonse ndi wofunika.
Ndamva za ena osankha tsiku pakalendala
ngati akuika oda ya diresi la ukwati.
Izo adziwa okha ndi madotolo awo.
Ine ndidziwa zanga:
mnyamata uyu woluma bere ndi nkhama,
amene anatulukira pazenera chitseko chitakana.

Ndabwerera pa makina.
Azimayi akabwera kudzayesa siketi
ena amandigwira dzanja, amanong'ona:
lamba asadutse apa, mukwezeko pang'ono.
Kale ndinkamva mawu amenewa kamodzi pachaka.
Mwezi uno wokha, atatu.

Usiku ndimauyendetsa chala msoko wanga.
Kumanzere wakwinyika, ulusi anaukoka kwambiri.
Akanakhala wophunzira wanga ndikanati sula, uyambirenso.
Koma wagwira.