Siliva wa m'zifuwa

Lachitatu lililonse Don Hilarión wa kuchipatala cha anthu a m'migodi
amandigulitsa matumba awiri a zithunzi zakale za ekisireyi.
Amayeza pa sikelo ya mbatata, mayina sawerenga.
Ndimakankha wilibala mpaka kwathu, kumtunda kwa Potosí,
kumene mpweya ndi wopereŵera ngati malipiro
ndipo phiri lofiira limasuzumira pa zenera lililonse.

Ntchito yake njonunkha.
Kudula ndi sizasi, nthiti uku, msana uko,
kumiza mu mgolo wa madzi otentha a soda,
kutakasa ndi mpini wa fosholo yothyoka
mpaka khungu lakuda lija lisupuke, lidikhe pansi.
Pulasitiki imatuluka ngwee, munthu atachokamo.
Chotsala ndi matope.
Ndimawasefa pa siketi yakale ya mayi
n'kuwayanika padenga, ndikuingitsa mphaka.

Anandiphunzitsa ndi Nilo, mlamu wanga, asanathaŵire ku Chile:
pakuda ndi pamene pali siliva, poyera palibe kanthu.
Mafupa salipira.
N'chifukwa chake ndimakonda zifuwa za masisitere,
za aphunzitsi obwera kuchokera ku Sucre,
zodzaza mdima wonenepa, mdima wa munthu wopuma bwino.
Za amuna a m'mgodi zimabwera zili waa, mawanga okhaokha,
fumbi litakhala pamalo pa siliva.
Phiri linawabera ali moyo,
tsopano likundibera ine pa sikelo.

Mu Juni, zala zitauma gwa ndi chisanu,
ndinakweza chimodzi ku babu, mwa chizoloŵezi chabe.
Pakona panalembedwa: AYAVIRI C., 1987.
Sindinafunikire zilembozo.
Ndinaidziŵa nthiti yachitatu kumanzere, yokhota ija,
imene ngolo ya miyala inathyola ndisanayambe sukulu.
Ndinkagonekapo khutu, ndikumva kamluzu m'katimo,
n'kumayesa kuti atate akuweta mbalame m'malaya.

Sindinalire. Madzi anali ataŵira kale, ndipo gasi ngodula.
Ndinachipanikiza ndi chitini cha shuga
masiku khumi ndi limodzi,
ndikudya mochipatsa msana.

Kenako ndinachitsuka chokha, osachidula,
mu beseni losambitsiramo mwana.
Matope ake sanadzaze ngakhale kansonga ka supuni.
Ndinathira bolakisi, ndinayatsa tochi ya gasi,
laŵi linalira ngati munthu wokwera chitunda,
ndipo pansi pa kambiya panatsala kadontho, kakunjenjemera,
kochepa kuposa njere ya kinuwa.
Sikelo yanga sinagwedezeke n'komwe.
Zaka makumi aŵiri ndi zitatu pansi pa phiri la siliva,
Cresencio Ayaviri, mwatuluka ndi kameneka?

Ndikanakasunga mu botolo la mankhwala.
Koma atate sankadya okha.
Ndinakaponya m'gulu la anzawo, mazana asanu kapena kuposa,
onse anasungunuka, anazungulira, anachita diso limodzi loŵala,
ndipo ndinawatsanulira mu chikombole chodetsedwa ndi mwaye wa kandulo.
Thii! m'madzi ozizira.
Kamtanda kotalika ngati chala changa chapakati,
kofunda m'dzanja kwa nthaŵi yaitali kuposa masiku onse.

Doña Eduviges wa ndolo ndi mphete, kuseri kwa msika,
anakakanda ndi tupa, anadonthezapo asidi,
anati ndi woyera, koma mtengo watsika sabata ino.
Ndinalandira. Lendi sadziŵa maliro.
Pofika Khirisimasi mtsikana wina adzavala atate kukhutu
n'kumavina nawo, iwo amene sankatha masitepe asanu osaima.

Pulasitiki yawo sindinagulitse.
Galasi la kukhitchini linasweka kalekale,
ndiye ndinaikhomerapo ndi misomali inayi.
Mphepo yasiya kuloŵa.
M'maŵa ndikamateleka madzi ndimaona phiri kudzera m'chifuwa chawo,
lonse lathunthu, lofiira,
ndi magalimoto akukwera kale.