Kulemera kwa Chiguduli

Magetsi anapita dzuwa lisanalowe.
Ku Nsungwi kwatsala jenereta ya a Mkwezalamba
ikutsokomola kuseri kwa mpanda,
ndi ine, ndi laputopu yomwe moto wake wafika pakati.

Mafayilo anafika dzana
kuchokera paphiri la dziko lomwe sindinalipondepo.
Bandulo ya sabata yonse inathera pomwepo.
Nyenyeziyo ilimo, koma sindinaitsegule.
Siyamba ndiyo.

Ndimayamba ndi zithunzi za mdima,
zojambulidwa chitseko chili chotseka:
makina akudzimvera okha,
kung'ung'udza kwawo, kutentha kwa m'thupi mwawo,
timadontho toyaka popanda wotiyatsa.
Zonsezo ndichotse.

Bambo ankatero ku Kanengo,
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa sikelo:
usanauze mlimi kulemera kwa belo lake
yamba wadziwa kulemera kwa chiguduli.
Ankafika kunyumba akununkha fodya
yemwe sanamusutepo.

Kenako kuwala koyera, kosalala,
kondionetsa pamene diso la makina lili ndi ng'ala,
pamene fumbi linagona pagalasi osadzuka.

Kenako nyali ya neoni.
Mizere yake ndimaidziwa ngati masiteji a minibasi:
uwu ndi Depoti, uwu Bwalo la Njobvu,
uwu wowala kwambiriwu ndi Kanengo.
Ukaphonya umodzi, onse atsikira kolakwika.
Dzulo ndinaphonya.
Nyenyezi inayamba kuthawa liwiro losaneneka,
mtima wanga n'kuithamangira,
chala chili kale pa nambala ya a Dokotala Nyirongo.
Ndinawerenganso.
Mzere umodzi ndinaupatsa dzina la mnzake.
Ndinakhala duu, manyazi ndili ndekha.

Lero ndikuyenda pang'onopang'ono.
Ndatola zipsera za tinthu tochokera kutali
tomwe tinalasa kamera usiku umenewo,
monga mmene amatolera miyala mumpunga.
Ndachotsa thambo lenilenilo,
pakuti nalo limawala, nalo limanama.

Chotsala n'chochepa.
Kamzere konjenjemera kuchoka kubuluu kupita kufiira,
ndipo apa, pakati, kampata kakuda:
haidirojeni, wadya gawo lake la kuwala
Lilongwe asanakhale ndi dzina.
Kampatako kasendera kufiira pang'ono chabe,
ngati munthu wopatsa mnzake malo pabenchi.
Ikupita. Mosafulumira, koma ikupita.

Ndalemba nambalayo,
pambali pake ina yaing'ono
yonena kukula kwa chikayiko changa.
Bambo akanaikonda yachiwiriyo.

Moto watsala maperesenti asanu ndi limodzi.
Ndasunga kawiri, ndatseka.
Panja kabaza womaliza akutsikira ku Dzenza,
ndege ikuphethira cha ku Lumbadzi.
Ndayang'ana kumwamba, mbali imene ili.
Ndi maso siioneka.
Ndaima pakhonde, udzudzu uli m'miyendo,
ndikudzifunsa za chiguduli china
chomwe palibe fayilo yochiyezera:
chija ndinkafuna kupeza dzulo.