Mawu Awiri a Bambo Tasker

Buku langa la galamala silichulutsa gaga m'diwa:
ika *used to*, kenako mneni wosavala kanthu,
basi watchula chimene chinkachitika kale
koma lero chinaleka.
Tsamba 58. Zitsanzo zitatu. Ndinayasamula
basi ikulowa mu Grimsby mumdima wa sikisi koloko.

M'chipinda cha nambala naini
Bambo Wilfred Tasker sawerenga tsamba lililonse.
Ndikamawamanga mabatani a malaya amangoyamba,
*I used to*,
ndipo zenera limadzaza nyanja ya kumpoto.
Ankatha masabata atatu osaona mtunda.
Ankaswa madzi oundana pa zingwe ndi nyundo,
ankatumbula nsomba zala zitachita dzanzi
mpaka osadziwa kuti magaziwo ndi a ndani.
Ankasuta. Ankavina Loweruka ku holo ya kudoko,
nsapato zitamwa polishi.
Maureen ankaseka akamuponda chala.

Ine ndimangomva kamchira ka *d* kakumezedwa,
yusitu, yusitu,
ngati munthu woitana mphaka
amene anasowa chaka chatha.

Tauni yonse imayankhula chomwecho.
Dalaivala amaloza ndi chibwano: apa pankapangidwa ayezi.
Mayi wogulitsa tchipisi akuti mzere unkafika pakona.

Halina, mnzanga wa ku Poland wa shifiti ya usiku,
amati mawuwa ndi msampha.
Ukafunsa funso *d* uja amagwa,
ukakana amagwanso.
Analephera mayeso kawiri chifukwa cha chilembo chimodzi
ndipo amachitukwana akupinda zofunda.

M'chinenero changa ndi kanthu kochepa, nka,
kobisala pakati pa mawu ngati kamwala mumpunga.
Ndinkapita. Ndinkaimba.
Sindinkadziwa kuti kangathyole dzino.

Lachiwiri lina, mvula ikuwaza pagalasi,
ndinabweretsa tiyi ndi mapiritsi anayi.
Mwana wawo wa ku Leeds anali ataimba foni
kuti sabata inonso sabwera.
Ndinati pepani.
Anayang'ana m'kapu nthawi yaitali, nati:
*I am used to it.*

Ndinaima ndi thireyi m'manja.
Mawu omwe aja, koma kutsogolo kwalowa kamlendo, *am*,
ndipo tanthauzo latembenuka ngati juzi yovala mothamanga.
Uku si kukumbuka ayi.
Uku ndi kuzolowera.
Tsamba 59 linachenjeza kuti tisasokoneze ziwirizi,
koma silinanene kuti munthu mmodzi
angazinene zonse tiyi asanazizire,
china chotsegulira masiku amene anapita,
china chotsekera lero pakamwa.

Madzulo, ndikuwavula masokosi, anandifunsa:
nanga iwe, unkatani?
Ndinasanja chiganizo m'mutu monga buku linanenera,
mwininkhani, mawu awiri aja, mneni.
Ndinati ndinkaphunzitsa ana masamu.
Ndinachitchula bwino,
*d* ndinamumeza ngati mbadwa ya konkuno.
Anagwedeza mutu: Chingerezi chako chikukhwima, mwanawe.
Kenako anapempha kuti ndisatseke katani,
amafuna aone magetsi a kudoko.

Sanafunse ngati ndazolowera.
Nanenso sindinawauze kuti pali kachitatu
m'munsi mwa tsamba, m'zilembo zing'onozing'ono,
*getting used to*,
ka anthu amene adakali panjira,
oima pasiteji ya basi manja ali m'matumba a jekete,
mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi,
akubwereza chamumtima
ziganizo za mayeso a Lachisanu.