Wachikhumi ndi Chitatu

Ntchito yanga ndi kuwerenga mitu.
M'mawa khumi ndi awiri, madzulo khumi ndi awiri,
osawerengera kamwana ka Esinta
kamene kanabadwira muno chaka cha madzi osefukira.

Kuno ku Nsanje dzuwa siligogoda.
Ikamakwana teni malata ayamba kale kuthetheka,
ndipo tinsanza tomwe amayi achapa usiku
timauma mobisala kuseri kwa thanki:
chidutswa cha bulangete, mkono wa malaya akale.
Ndinkationa.
Ndinkayang'ana kumbali.

Lachinayi lija inafika galimoto ya amayi a mpingo,
fumbi la ku Bangula lili m'nsidze.
Anatsitsa sopo, mapadi ochapa, mabeseni awiri,
botolo la viniga ndi tochi yovala pamphumi.
Nesi wawo, Mayi Nyathando, wamfupi, wosathamanga,
anapempha chipinda chosungira makasu.
Tinasesa. Tinapachika chitenje pazenera.

Fulukiya anatema mwamuna wake ndi chikwakwa
pa ndalama za thonje.
Miyezi isanu ndi iwiri sindinamvepo mawu ake.
Ndiye analowa woyamba.
Ndili pakhomo ndinamva nesi akufunsa m'Chisena
kuti magaziwo anayamba liti.
"Pokolola mapira, chaka chatha."
"Unauza yani?"
"Palibe anandifunsa."

Ndodo inandilemera m'manja.

Jusitina anatuluka akuseka,
akuti kachitsulo kaja ndi chinthu chokhacho chozizira
m'boma lonse la Nsanje.
Kamwana ka Esinta anakakweza pasikelo,
kakulirira tochi.
Wina anabisa sopo wake m'kamisolo
ngati pali amene amulande.

Dzuwa litapendeka, makalata anali atatu.
Awiri a chipatala chapafupi,
la Fulukiya la ku Blantyre,
kutanthauza mafuta, asilikali awiri, siginecha ya abwana
ndi chitunda chonse chija cha ku Thabwa.
Ndinalipinda, ndinaliika m'thumba la pamtima.

Nesi akusamba m'manja anati, "Nanga inu?"
"Ine ndili pa ntchito."
"Chiberekero sichidziwa yunifomu, mayi."

Mayi anga anamwalira ku Tengani
akumwa mizu, akuti ndi zam'mimba chabe.
Izi sindinamuuze.
Ndinaika makiyi pakatoni,
ndinamasula zingwe za jombo.
Chitseko cha chipindacho sichitsekeka bwino,
ndiye wina anachigwira kunja.
Pansi pake ndinaona mapazi ong'aluka a Fulukiya,
ataima nji, ngati a mlonda.

Madzulo ndinawerenga: khumi ndi awiri.
Palibe anathawa.
Koma m'buku la nesi, limene linapita ndi galimoto,
muli maina khumi ndi atatu,
langa lili pansi pa la Jusitina,
inki yake yomweyo.