Chikhadabo Chimodzi pa Mapu

Ndege ya ku London imatera kusanache bwino.
Ife timakwera onse atatsika,
ine, Sibongiseni wa ku Tembisa,
ndi mayi wina wa ku Gweru wosakonda kulankhula.
Timatola zimene usiku wasiya:
sokosi yopanda inzake, mtedza wopondedwa,
bulangete lomvekabe kutentha kwa mwini wake.

Lero kumbuyo kwa mpando wina mapu atsala akuyaka.
Kandege kaima pa Joni,
mzere wake wachikasu wadutsa nkhalango, chipululu, nyanja.
Ndaika chala chachikulu pa Joni,
chaching'ono chakafika pa London.
Chikhatho chimodzi basi.
Maola khumi ndi limodzi, anthu ali mtulo,
ena nsapato atavula.

Kenako ndafuna Blantyre.
Sanamulembe n'komwe,
koma malo ake ndikuwadziwa.
Ndi apa, pongosuntha chikhadabo.
Amene adakwerapo amati ukangomaliza tiyi
mapiri a ku Chileka aja ayamba kale kuoneka.

Chikhadabo chimenechi ndidachiyenda mu Juni.
Tinyade adaimba Lachiwiri m'bandakucha,
ati achimwene Malizani atisiya,
kuika ndi mawa masana, nyumba yachisoni ikufuna ndalama.
Ndidaima pansi pa bolodi la maulendo, yunifolomu ili m'thupi,
dzina la kwathu likuphethira pakati pa Dubai ndi Nairobi.
Mtengo wa tikiti ndidafunsa ndithu.
Mtsikana wa pakauntala adandilembera pakapepala,
ndidathokoza ngati wandipatsa kanthu.

Madzulo ndidali pa Park Station,
pakati pa mafiriji okutidwa m'makatoni ndi zikwama zamizeremizere.
Pa Beitbridge mzere sunkasuntha,
dzuwa lidatipeza pomwe lidatisiya.
Pa Nyamapanda foni idalira,
Tinyade adaitukula m'mwamba kuti ndimve nyimbo ya kumanda,
netiweki n'kuidula pakati pa vesi.
Mlatho wa ku Tete tidawoloka ndi mdima.
Pofika ku Chilomoni mahema anali atapinda,
nkhata zitayamba kufota,
mipando ya kutchalitchi akuikweza pa lole.

Sibongiseni akundikuwira kuchokera kutsogolo,
ati nthawi yatha, enanso akubwera.
Ndapukuta galasilo ndi kansalu konyowa,
chidindo cha chala changa chachoka pa Mozambiki.

Madzulo ano anyamukanso ulendo wa kumpoto.
Ine ndikhala mu takisi ya ku Rosettenville,
mawondo atapanikizika pa mpando wakutsogolo,
ndikuiona ikukwera pamwamba pa milu ya dothi la migodi.
Ikamadutsa kufupi ndi kwathu
ndikhala ndisanayatse n'komwe mbaula,
ndikuwerenga marandi a m'chitini cha khofi,
a mwala wa pamanda,
ndi otsala, ngati atsale,
a basi ya mu Disembala.