Lisiti la Yosofati

Lisiti ndinalisunga m'chitini cha singano,
dzimbiri lalidya pangodya, koma chidindo chikuoneka.
Matumba anayi a mbatata ya kachewere
ndinagulitsa pa Lizulu mvula ikundimenya
kuti khoti litseke fayilo ya mlongo wanga,
dzina la Yosofati lileke kununkha mbuzi
imene anaba ali mnyamata, chaka cha njala.

Miyezi isanu ndi inayi anagwira ukaidi, anamaliza.
Koma kulikonse kofuna ntchito pepala linkamutsogolera,
alonda pageti ankamudziwa asanagogode.

Lero kalaliki, a Chimwaza, andiitana pawindo:
“Nasibeko, sayinani apa, ndalama zanu zabwezedwa.”
Awerenga akunyowetsa chala,
osandiyang'ana.

M'minibasi wina wamva, watsonya:
“Msonkho wathu uwo, kulipirira mbava!
Kuchipatala kulibe ndi panado yemwe.”
Sindinamuyankhe. Za panado sananame,
ndinagonapo pabenchi mwana atatentha thupi.
Koma nanenso ndimadula chiphaso cha msika
m'mawa uliwonse, ngakhale tsiku losagulitsa kanthu.
Nanga nyemba za kundende zija anagula ndani?
Munthu akabwererako chifukwa ganyu wamukana,
adzadya za yani?

Ndatsikira pa mphambano ya ku Tsangano.
Yosofati ali pa kabaza wobwereka,
wandiona, wafunsa ndi maso okha.
Ndamuonetsa mfundo ya pachitenje.
Waseka pang'ono, wapukuta chishalo ndi dzanja:
“Kwerani, achemwali. Mbatata yakwera chaka chino,
izi zigula matumba awiri basi.”