Mmero wa Chitsulo

Inabwera Lachiwiri cha m'ma teni koloko,
Golf yofiira, yotsika mimba ngati ikununkhiza tala wa ku Booysens.
Mwini wake, Mpendulo, sanapereke moni.
Anangoti: Malawi, galimoto iyi ikunong'ona.
Ndikufuna ndikamakwera M1
a ku Soweto azidziwa kuti ndanyamuka.

Ndinaikweza pa jeke n'kulowa chagada.
Kunsi kwa galimoto kulibe ulemerero:
matope a dzinja latha, oyilo wodontha,
mabauti anayi okakamirana ndi dzimbiri
ngati abale olimbirana munda.
Awiri anamvera sipanala.
Wachitatu ndinamuwotcha ndi gasi mpaka anafiira n'kugonja.
Wachinayi anaduka, n'kupita ndi khungu la chala changa.

Ekizozi yakale inagwa pansi, khu!
yolemera, yodzaza mwaye,
zaka khumi ndi ziwiri ikumeza ukali wa injini
popanda woithokoza.
Ndinaikokera kukona, pa mulu wa zinzake.

Yatsopano inali m'katoni, yokulungidwa ngati mbale za pa ukwati.
Paipi yonenepa, mainchesi awiri ndi theka,
chitsulo chosagwira dzimbiri, chowala
moti ndinaonamo nkhope yanga itatalika ngati ya mbuzi.
Sayilensa yake dzina chabe,
ukasuzumira uku umaona dzuwa uko.
Ndalama ya pa lisiti
inali yokwana kufolera malata nyumba yanga ya ku Phalula
n'kutsalako ya chitseko.

Ndinatsitsa chigoba kumaso. Mdima.
Kenako kanyenyezi kanga kaja, kobiriwira,
kamene ndimakaweta kuyambira Lolemba mpaka Loweruka,
kuyenda nako pang'onopang'ono m'mphepete mwa paipi,
mpweya nditaugwira,
msoko ukugona bwino ngati mamba a nsomba.
Bwana Ismail amauza makasitomala kuti manja anga sanjenjemera.
Sanawaonepo madzulo pa Bree,
veni ya apolisi ikaima mwadzidzidzi,
pamene pepala la m'thumba mwangamu linafa mu Epulo.

Mu teksi sindiyankhula.
Foni ikalira, dzina la Nasibeko likuwala,
ndimaisiya ilire mpaka itope,
kuopa kuti "kwagwanji kumudziko" wanga angatembenuze makosi.
Ndalama ndimapatsira kutsogolo ndi manja okha.
Potsika ndimatulutsa mawu awiri a Chizulu
amene ndinawasula, kuwapala, kuwapukuta
mpaka msoko wake osaoneka.

Folo koloko Mpendulo anabwera akutafuna chingamu.
Ndinati, dikirani bwana, wowotcherera ndiye amayamba kulawa.
Ndinakhala pa mpando wake wachikopa ndi ovolosi yanga yamafuta,
ndinapotokola kiyi,
ndinaponda.

Nkhunda zonse za padenga zinabalalika.
Malata a galaja anayankha.
Alamu ya Polo ya kutsidya inayamba kulira maliro a eni,
mayi wogulitsa magwinya pageti anatukwana agogo anga,
Bwana Ismail anagwira kapu ya tiyi ndi manja awiri.
Ndinapondanso, singano kufika pa sikisi,
ndipo m'kati mwa bingulo, magalasi ali otseka,
ndinakuwa ndi mmero wanga wonse:
Ndine Zikomankhani Mbewe!
Wa kwa Phalula, ku Balaka!
Mwana wa Nangozo, bambo wa Tayanjana!
Ndili pano!

Palibe anamva.
Nditachotsa phazi, ekizozi inatsokomola kawiri, tha! tha!
ngati mfuti ya kutali.

Mpendulo anaseka mpaka chingamu kugwa,
anandiponyera twente randi, ya kolodilinki,
n'kusiya mizere iwiri yakuda pakhomo.

Usiku ku Rosettenville timagona asanu m'chipinda chimodzi.
Cha m'ma wani koloko
china chake chimang'amba msewu wa kumunsi,
anzanga n'kutembenuka, kutukwana m'tulo.
Ine ndimatchera khutu, chala chomanga pulasitala chili pachifuwa,
kumvetsera ngati msoko ukupumira penapake.
Sukupumira.